Ola Limene Kabokosi ka Adadi Kanaiwala

Brodie ndinakumana naye mwezi wa Meyi pashopu ya nsomba ndi tchipisi kuno ku Tweed Heads, pomwe ndimagwira ganyu Loweruka. Anagula tchipisi, anatuluka, kenako anabwerera kudzadandaula kuti mchere wachepa.

"Mchere uli patebulo apo," ndinatero.

"Ndauona. Koma wapatebulowo suyankha."

Anzanga, ndinaseka. Pamenepo mpamene ndinalakwitsa.

Ine ndili chaka chomaliza ku sekondale. Iye anasiya sukulu chaka chatha, akuphunzira kukhoma madenga.

Kunyumba kwathu kuli lamulo. Aphunzitsi atawauza adadi kuti ndimasinza m'kalasi, iwo anatchera kabokosi ka wifi kuti kazidula foni yanga 9 koloko usiku mpaka 6 m'mawa. Bandulo sandigulira. Amayi anachoka ndili ndi zaka khumi, ndiye wokadandaulako panalibe.

"Adadi, anzanga onse samadulidwa."

"Anzako onsewo sindiwadyetsa ine."

Tinatha masabata atatu tikungopatsirana mkaka patebulo osalankhulana.

Nditamuuza Brodie ndimayembekezera kuti andiseka. Ayi ndithu.

"Madala ako ndi anzeru, babe. Ine ndimadzuka 5 kukakwera denga. Ikamakwana 9 ndimakhala nditafa kale ndi tulo."

Tsiku lililonse 8:55 uthenga unkalowa: "Ugone bwino, mkaidi wanga." 6:01 m'mawa: "Akumasula?" Miyezi isanu osaphonya. Ndinkati mnyamata wosunga nthawi chonchi sangasunge china choipa.

Mnzanga Keira anandibwereka foni yakale yokhala ndi bandulo kuti ndizibisa m'pilo. Ndinamuonetsa Brodie ndikunyadira. Nkhope yake inagwa.

"Bweza."

"Ndimati tizicheza pang'ono usiku..."

"Ukawanamiza bambo ako lero, mawa udzandinamiza ine. Bweza, Tahlia."

Ndinabweza. M'basi ndinalira, ndikuti ndapeza munthu wolemekeza makolo.

Lamlungu lina anabwera kwathu tikuotcha nyama kuseri. Anaima pambali pa adadi, manja kumbuyo ngati mkulu wa mpingo.

"A Moss, lamulo lija musalisinthe. Mayeso ayandikira."

Adadi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamuikira soseji yaikulu kuposa zonse. Munthu amene sapatsa ngakhale galu wake fupa popanda chifukwa.

Kenako Okutobala.

Ndikuuzeni za mawotchi athu. Lamlungu loyamba la mwezi umenewu ife a chigawo cha New South Wales timakankhira nthawi ola limodzi kutsogolo, koma a chigawo cha Queensland, tsidya la msewu pomwepa, sasuntha. Adadi amayendetsa lole tsidya limenelo. Wotchi yawo yapamkono ndi ya Queensland chaka chonse, ndipo kabokosi kaja anakatchera pa nthawi yomweyo. Kwa iko, 9 inali isanakwane mpaka 10 yathu.

Usiku umenewo "ugone bwino" analowa 8:55 monga mwa masiku onse. 9 inakwana. 9:05 wifi ikadalipo. Ndinakhala tsonga pabedi. Ola laulere, ndipo munthu amene ndinaganiza zomupatsa anali mmodzi yekha. Ndinati ndimudzutse, ndione nkhope yake ya tulo.

Ndinaimba ya vidiyo.

Anayankha mtsikana. Anali m'galimoto ya Brodie, atavala juzi yabuluu imene ndinamugulira Brodieyo pa tsiku lake lobadwa.

"Ee, ndiwe Tahlia? Msuweni wake uja amamutsekera 9?" Anamwetulira bwinobwino, popanda chipongwe. "Lero akumasula? Ine ndine Shanae. Brodie akuthira petulo, abwera."

"Msuweni..."

"Amakukamba kwambiri. Akuti ndiwe wanzeru koma bambo ako ndi ovuta."

"Iwe ndiwe ndani wake?"

Anaseka. "Sanakuuze? Ndine chibwenzi chake chiyambire Febuluwale. Ndimaweruka 9 ku lesitilanti, amabwera kudzanditenga tsiku lililonse. Sachedwa munthu ameneyu."

Febuluwale. Ine ndinabwera Meyi. Anzanga, sindinali ngakhale woberedwa. Ndinali shifiti ya masana.

Chitseko cha galimoto chinatseguka. Nkhope ya Brodie inadzaza foni. Ndinadikira mawu oyamba, ndipo mawu ake anali awa:

"Wifi waipeza bwanji?"

Kenako anawonjezera:

"Bambo ako akudziwa kuti uli pa intaneti nthawi ino?"

Kumbuyo ndinamva Shanae akufunsa, mawu atasintha, "Brodie, bwanji akulira?"

Ndinadula.

Zinanditsalira mphindi makumi anayi. Miyezi yonseyi ndinkalimbana ndi adadi chifukwa cha nthawi imeneyi, ndipo itapezeka ndinasowa woti ndimuimbire. Ndinangogwira foni mpaka 10, kachizindikiro ka wifi kanazima kokha.

Wifi itabwerera, uthenga wa 6:01 uja panalibe.

M'mawa ndinawapeza adadi akumanga zingwe za nsapato zantchito.

"Adadi, kabokosi kanu katsalira ndi ola."

Anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana yapakhoma, kenako maso anga otupa.

"Ola limenelo unachita nalo chiyani?"

"Ndinamuimbira Brodie. Anayankha mtsikana wina."

Anasiya zingwe zija.

"Ndinamupatsa soseji yanga," anatero motsitsa, osati kwa ine. Kenako: "Ndikakonze, kapena ndikasiye?"

Aka kanali koyamba kundifunsa.

"Kakonzeni."

Anagwada pansi pa TV ndi maondo awo opweteka aja, anakakonza. Potuluka anandigwira pamutu kamodzi, monga ankachitira ndili wamng'ono, nkumapita.

Mayeso ndikuyamba sabata yamawa. Juzi ija sindiifuna, imamukhala bwino Shanae.

Anzanga, adadi ananditsekera chifukwa ankafuna ndizigona. Brodie ankakonda loko yemweyo pa chifukwa chake. Munthu akamayamikira kwambiri chitseko chimene chakutsekera mkati, muzimufunsa kuti iyeyo amapita kuti chikatsekedwa.