Kapu ya ulusi wofiira

"Adadi, mwandipatulira kapu? Ndiye mundimangirenso khola panja."

Yamikani, mwana wanga, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chibwerere ku Bilston kuno ku Mangalande ankangondiyankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anakuwa m'Chichewa chenicheni. Inali nthawi ya lockdown, boma litalamula anthu kubindikira m'nyumba. Mayi ake, namwino ku chipatala cha ku Edgbaston, ankagona komweko kuopa kutibweretsera korona, ndiye m'nyumba tinalimo awiri, ngati anthu ongokumana pa depoti. Ine ndinkapukuta ndi sanitaiza chilichonse cholowa pakhomo. Masanawo ndinatsegula kaphukusi ka Yamikani kobwera pa positi. Munali makondomu, timasingano titatu, kabotolo kotengera magazi ndi pepala lonena za HIV. Ku kiliniki sankalola munthu kungofika, zoyezera ankatumiza pa positi.

Ndine wamtima wapachala, sindibisa. Ndinamufunsa kuti mtsikanayo ndani. Anati si mtsikana, ndi mnyamata wa ku Oldbury, ndipo agwirizana kuyezetsa onse awiri asanayambe mankhwala odzitetezera ku HIV. Zimene ndinalankhula sindizilemba pano. Kenako manja anachita okha: ndinatenga kapu yake n'kuiika payokha pawindo. Atakuwa, anakwera kuchipinda n'kuyamba kulongedza chikwama.

Ndinatsala ndi kapu ija, ndipo inandibwezera ku Mponela ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Achimwene anga a Lenadi anabwera kuchokera ku Lilongwe atatheratu ndi matenda. Sanakwatirepo, ndipo anthu ankanong'ona za telala wina wamwamuna amene ankakhala naye nyumba imodzi. Bambo anawaika m'kachipinda kosungira fodya, mayi anamanga ulusi wofiira pa chogwirira cha kapu yawo yamalata kuti wina asasokoneze. Wopititsa phala ndinali ine. Munkanunkha fodya wouma ndi mkodzo. Achimwene ankandipempha kuti ndikhale pang'ono ndiwauze za mpira wa pa wailesi.

Tsiku lina ludzu litandigwira ndinamwera kapu ija. Achimwene anaseka, koyamba chibwerere. "Iwe Gifiti, sukundiopa?" Mlongo wanga anakandinenera. Bambo anandikwapula ndi chubu cha njinga, n'kunditsuka m'kamwa ndi sopo. Kuyambira pamenepo phala ndinkalisiya pakhomo n'kuthawa. Ankandiitana, ine osacheuka. Telala uja anabwerapo ndi shuga ndi buledi, bambo anamubwezera pa msewu. Achimwene anamwalira ali okha. Tinadziwa chifukwa phala ladzulo linapezeka pakhomo lisanakhudzidwe, nyerere zili yakaliyakali.

Ndagwira ntchito ku care home, kosamalira okalamba, zaka zambiri, ndikudziwa bwino lomwe kuti kachilombo sikayenda pa kapu. Koma chubu chija chinaphunzitsa manja anga zimene mutu unazikana kalekale. Nthawi ya achimwene kwathu kunalibe poyezetsa, kunalibe mankhwala. Wangayu zonse zinamufikira pakhomo, ndipo chomutsekereza ndinali ine.

M'mawa mwake ndinathira tiyi m'kapu yakeyo n'kukagogoda kuchipinda kwa Yamikani. Chikwama chinali pabedi, chotseka kale. Patebulo panali kabotolo kaja kalibe kanthu, ndi timasingano tiwiri togwiritsidwa kale ntchito. Ndinamwako tiyi iye akuona, n'kumupatsa.

"Zala zozizira sizitulutsa magazi," ndinatero. "Agogo a kuntchito ndimawabaya tsiku ndi tsiku poyeza shuga. Gwira kapuyo dzanja lifunde."

Anaigwira. Kasingano kotsala kanali kamodzi. Ndinamubaya m'mbali mwa chala, n'kumakama pang'onopang'ono mpaka magazi anafika pa mzere wa kabotolo. Tinamata envelopu ndipo tinapita limodzi kukaiponya m'bokosi la positi, iye patsogolo, ine pambuyo. Chikwama chinatsala pabedi.