Roloni ya achemwali anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, tikukhala pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru. Makolo anga anali matenanti ochokera ku Phalombe. Nyengo yothyola fodya ndinkalawirira kumunda, kenako n'kudzithira madzi mwachangu n'kuthamangira kusukulu. Pofika m'kalasi ndinkakhala nditanyowanso ndi thukuta, utomoni wa fodya udakali m'zala. Thupi langa linali litayamba kusintha, koma ine ndinali womaliza kudziwa kuti m'khwapa mwanga mwayamba kutuluka fungo. Ndikakweza mkono kuti ndiyankhe funso, atsikana a pa desiki yanga ankagwira mphuno, anyamata akumbuyo n'kumakuwa kuti, "Tenanti watsegula chigafa!"

Ndinauza munthu mmodzi yekha, achemwali anga a Eneti. Iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Chitedze, ndipo kwathu ankabwera mwa apo ndi apo. Sanandiseke. Ulendo wotsatira anandikokera kuseri kwa bafa n'kumasula kabotolo pa nsonga ya chitenje.

"Iyi ndi roloni, Lusiya. Ukasamba uzipaka uku ndi uku. Madona a ku Chitedze amatero."

Kanali ndi kampira kozizira pamwamba, ndipo kankanunkhira ngati sopo wa m'sitolo. M'mawa mwake ndinakweza mkono ngakhale pa mafunso amene yankho lake sindinkalidziwa.

Sipanapite masiku ambiri, m'khwapa munayamba kuyabwa. Poyamba ndinkangokwecha mkono pathupi mobisa, kenako ndinayamba kukanda ndi zikhadabo, mpaka ndi chitsononkho. Munatuluka zidzolo, khungu linasupuka, thukuta likalowamo linkaotcha ngati tsabola. Yunifolomu inkamatirira pa zilonda, poivula ndinkaluma mlomo. Kuti chikundipweteka ndi roloniyo sindinaganizeko n'komwe. Chinthu chochokera m'manja mwa achemwali, chonunkhira chotero, chikanalakwa bwanji? Ndinkaonjezera kupaka, poganiza kuti chindichiritsa.

Tsiku lina madamu anandiona ndikukanda. Anandiitanira pakhonde, n'kusuzumira ali chapatali.

"Mphere izi. Pita kwanu, usadzapatsire anzako. Udzabwere zikapola."

Ndinanyamula makope anga kalasi yonse ikundiyang'ana. Kunyumba amayi anayesa zomwe ankadziwa. Anandisambitsa ndi masamba owiritsa, anandifinyira ndimu pa zilondazo mpaka ndinalira ngati mwana wa mbuzi. Sizinathandize. Ndinkakhala m'chigafa kusoka fodya, mikono nditaitakasa ngati nkhuku yomva kutentha, ndikumva belu la kusukulu likulira patali. Mayeso a teremu anandidutsa ndili pomwepo.

Achemwali atabwera ndi amene ananditengera kuchipatala. Adokotala anayang'ana, n'kundifunsa chomwe ndimapaka. Nditatchula roloni, anagwedeza mutu.

"Si mphere ayi. Khungu la mwanayu likukana mankhwala a m'botolomo. Asiye lero lomwe."

Pobwerera achemwali ankayenda patsogolo. Titafika pa mlatho wa mitengo anaima, ndipo ndinaona kuti akulira.

"Ndimati ndikuchotse manyazi, m'bale wanga. Taona ndakuchotsa sukulu."

Ndinkafuna kuwauza kuti masiku oyamba aja anali okoma kuposa ena onse a chaka chimenecho. Ndinangowagwira chitenje.

Anakhala nafe mlungu wonse, ngakhale ankadziwa kuti abwana awo akwiya. M'mawa uliwonse ankanditsuka ndi madzi ofunda, n'kundipaka mafuta a kuchipatala ndi nsonga ya chala, akuuzira kuti ndisamve kuwawa. Bulauzi yawo ina yabwino, yopepuka, anaidula manja n'kundipatsa kuti mphepo izilowa. Ndinkamva akukhosomola pafupipafupi, ndinkaonanso kuti aonda, koma aliyense ankati ndi ntchito.

Ndinapola, ndinabwereza kalasi. Koma achemwali, anthu anabwera nawo pa matola, fodya asanapite ku okushoni, atafooka moti sankatha kuima okha. Sanathe mwezi. Popeza ku Phalombe kunali kutali, tinawaika m'manda a alendo kumapeto kwa esiteti.

Masiku ano ndine mphunzitsi cha ku Namitete. M'magolosale mwadzaza mabotolo a mitundu yonse, ena olembedwa kuti ndi a khungu losachedwa kutupa, ndipo atsikana amakambirana zimenezi mosabisa. Mwana akamakanda m'kalasi mwanga ndimamutengera pambali, ndimamufunsa pang'onopang'ono, sindimuthamangitsa. Esiteti ija inatha, eni atsopano amalimapo soya. Chaka chatha ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi kuti ndikamuonetse pomwe anagona amayi ake aakulu. Tinazungulira m'mizere mpaka dzuwa kupendeka. Palibe amene ankakumbukira kuti pamalopo panali manda.