Tsiku Limene Ndinatembenuza Mpando

Ndinapita ku Morocco kukatenga mwana wanga. Anzanga a kutchalitchi kwathu ku Sinda ndinawauza kuti ndikukaonerera mwambo womaliza maphunziro, ndipo sindinaname, koma mumtima mwanga ulendo unali wokatenga mwana basi. Ndi mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ndipo anali atakhala zaka zisanu ndi ziwiri mumzinda wa Tangier akuphunzira udokotala. Pa zaka zonsezo kumudzi anafikako kawiri kokha. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinamangitsa chipinda china kumbali kwa nyumba, zenera lake loyang'ana kumtengo wa mango, n'kuikamo bedi ndi tebulo. Kiyi wa chipindacho ndinamukulunga m'kansalu, n'kumubisa m'kathumba ka m'kati mwa chikwama. Ndinati ndikamuika m'manja mwa mwanayo, tikapangana tsiku lobwerera, nkhani ithere pomwepo.

Amene anandiperekeza kukakwera basi ndi mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga woyamba. Kwawo ndi ku Vubwi, koma anamanga kuseri kwa nyumba yanga monga mwa mwambo wathu, ndipo wakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri. Pa zaka zonsezi sindinamuonepo akutafuna. Tikakumana panjira mmodzi amapatuka, ndipo akafuna kundiuza kanthu amatuma mkazi wake ngakhale ine ndili pakhonde pomwepo ndikumva. Sitidana ayi, ndipo ndimamukonda kwambiri. Tsiku limenelo ananyamula chikwama changa mpaka pamsewu waukulu, n'kuchiika m'basi maso ali pansi.

Ku Tangier ndinali ndi masiku asanu ndi limodzi okha. Mwana wanga ankagona m'kachipinda ka atsikana atatu, ine anandipezera malo m'kahotela ka pafupi, choncho chakudya chilichonse tinkadyera m'malesitilanti. Apa ndi pamene panayambira vuto langa. Ine ndinaleredwa kuti nkhani yaikulu sikambidwa chakudya chili m'kamwa. Umadya, umasamba m'manja, mbale zimachotsedwa, kenako umati, "Khala pansi, ndili ndi mawu." Mwana wanga ankadziwa zimenezi bwino lomwe, poti ndine ndinamuphunzitsa.

Malesitilanti a ku Katete ndimawadziwa, ndinkadyamo ndikapita kuofesi ya maphunziro. Umalowa diso limodzi lili pa minibasi, umafunsa kuti kuli chiyani lero, amakuyankha kuti nkhuku kapena nyemba, umadya n'kutuluka kondakitala asanayambe kumenya chitseko. Koma ku Tangier munthu akakhala patebulo amakhala ngati wabwera kudzamanga nyumba. Choyamba amabweretsa buledi wozungulira ndi tizipatso towawa totchedwa maolivi. Ukuti udye zithe, akubweretsa timbale ting'onoting'ono ta mabilinganya, ta karoti, ta nyemba zoterera. Kenako amakuitana kuti ukaloze wekha nsomba pa ayezi, ndipo ukaloza m'pamene amakayatsa moto. Ine ndinkangotembenukatembenuka pampando, chikwama pamiyendo, ndikuyang'ana khomo la kukhitchini. Pansi pa tebulo amphaka ankandikhuza miyendo, ndipo mphepo ya kunyanja inkaulutsa timapepala topukutira m'manja tsiku lonse osapuma.

Tsiku loyamba tinadya tinsomba tootcha tokulirapo kuposa kapenta, pafupi ndi doko. Ndinadya mofulumira, n'kupukuta m'manja, n'kukhala chire kudikira kuti mbale zichoke. Sizinachoke. M'malo mwake kunabwera tiyi wa masamba obiriwira, woperekera zakudya akumuthira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Titamaliza tiyi, mwana wanga anayang'ana foni n'kudzambatuka.

"Amai, nachedwa ku chipatala. Tizakamba mailo."

Mawa lake zinali zomwezo, kungosintha malo. Ananditengera kumtunda, kumene amati kukakhala kopanda nkhungu umaona mapiri a ku Spain kutsidya. Ndinawaona, koma sindinabwerere mapiri. Anaitanitsa tizilombo ta m'nyanja ta ndevu zitalizitali, ine ndinati ayi, zimenezo adye yekha, ine sindinafike pamenepo. Anaseka mpaka misozi, ndipo ndinaona kuti akuseka mopitirira. Ndikangotsegula pakamwa ankandiikira chakudya china m'mbale. Tsiku la mwambo womaliza maphunziro tinadya pagulu, anthu oposa khumi, aliyense akuyankhula chilankhulo chake. Ndinabwerera kuhotela kiyi akadali m'kansalu kake. Ndinayamba kukwiya, chifukwa ndinazindikira kuti mwanayu akundibisalira kuseri kwa mbale.

Lachisanu, litatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, anati masana tidya ndi mnzake wa kuchipatala. Ine ndinkayembekezera mtsikana. Titakwera masitepe a lesitilanti ina yoyang'ana kudoko, amene anaimirira pafupi ndi zenera anali mwamuna wamtali, wa komweko, tsitsi litayamba kuthawa pamphumi. Anaika dzanja pachifuwa n'kunena mosamala kuti, "Muli bwanji, amayi?"

Ndinasangalala, ndisaname. Masiku asanu ndinali ndisanamve mawu a kwathu pakamwa pa munthu wina. Uphunzitsi sutha, ndinamuwongolera katchulidwe, iye n'kubwereza mpaka ndinavomera. Anati ndi dokotala wa ana, ndipo Chingerezi chake chinali choti tinkamvana. Funso loti munthuyu waphunziriranji moni wa ku Sinda silinandifike m'mutu. Ndinali ndikuganiza za kiyi, kuti lero ndiye lero, mlendoyu akangochoka ndimukhazika pansi mwana ameneyu ngakhale pamsewu.

Chakudya chinabwera m'mbale imodzi yaikulu yadothi, ya chivundikiro chosongoka. Atavundukula munali nsomba yathunthu, itagona pa mbatatesi ndi tomato, pamwamba pake mandimu ndi anyezi wambiri. Panalibe mbale ya munthu payekha. Mwana wanga anandiuza kuti kumeneko amadya choncho, aliyense amanyema buledi n'kumatapa mbali imene yayang'ana kwa iye. Mwamuna uja anachotsa minga mosamala, n'kukankhira mnofu wabwino wa pamsana kumbali yanga. Ndinayang'ana mwana wanga, iye anati umenewo ndi ulemu wa kwa mlendo wamkulu. Ndinadya. Kwa nthawi yoyamba m'dziko limenelo chakudya chinanditsikira, ndinanyambita ndi zala zomwe, ndikumufotokozera munthuyo mmene timakumbira mtedza.

Mwana wanga ameneyu sadya anyezi. Kuyambira ali wamng'ono ankatola anyezi m'ndiwo kamodzikamodzi n'kumuunjika m'mbali mwa mbale, ndipo ndinamukalipira mpaka ndinatopa ndekha. Ndiye mwamuna uja ali mkati mondifunsa kuti mvula imayamba mwezi uti kwathu, maso ake ali pa ine, dzanja lake linapita lokha ndi kachidutswa ka buledi, n'kusesa anyezi yense wa kumbali ya mwana wanga kumubweretsa kumbali yake. Sanayang'ane n'komwe. Mwana wanganso sanathokoze, anangopitiriza kudya.

Kusathokozako ndi kumene kunanditsegula maso. Ndinakumbukira kuti polowa, mwini lesitilanti anawalonjera onse awiri ngati anthu a pakhomo, ndipo madzi a mandimu anamubweretsera mwana wanga asanaitanitse. Dzanja langa linaima m'malere buledi ali m'zala. Ine, mayi wamkulu wa zaka zanga, ndapisa dzanja m'mbale imodzi ndi munthu ameneyu, ndatafuna pamaso pake, ndanyambita zala akuona! Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera mkwiyo.

Sindinaganize chilichonse. Ndinaika buledi pansi, ndinakoka mpango kuphimba mbali ya nkhope, n'kutembenuza mpando wanga kuyang'ana kuzenera. Miyendo ya mpando inalira pansi mpaka anthu a patebulo lina anacheuka. Ndinalankhula ndi mwana wanga ndikuyang'ana maboti a asodzi.

"Uwauze kuti ine ndakhuta. Ndipo ngati pali china chobwera, andiikire m'mbale yangayanga."

Kenako ndinamva mwana wanga akupuma mwa munthu amene akulimbana ndi kulira.

"Amai, mwatembenuza mpando."

"Ndatembenuza, nanga? Wandichititsa manyazi iwe. Masiku onsewa kundizungulitsa m'malesitilanti, kundidyetsa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi, kuti ndisatsegule pakamwa. Unalephera kundiuza?"

"Nenze kuyopa, amai. Sore." Kenako ananena motsitsa mawu, "Koma amai, mpando mumatembenuzira alamu a ku Vubwi chabe. Palibe wina."

Ankanena zoona. Ndaphunzitsa sukulu zaka zoposa makumi atatu, ndakalipira makolo a ana, ndakalipira akuluakulu a kuofesi ndikuwayang'ana m'maso. Munthu wamba amene ndikanafuna kumukana ndikanamuyang'ana pamphumi pake popanda tsitsipo n'kumuuza kuti achoke pa mwana wanga. Koma ine ndinamuthawa, ndinaphimba nkhope, ndinayamba kutuma mawu kudzera mwa mwana. Ndinamupatsa ulemu wa mkamwini ndisanafunse ngakhale dzina la bambo ake. Ndinadzikwiyira kwambiri, koma mpando sindinathe kuubweza.

Mwamuna uja anafunsa mwana wanga, m'chilankhulo chawo, ndipo ndinamva m'mawu ake kuti akuopa kuti walakwa. Mwanayo anamufotokozera nthawi yaitali. Kenako ndinamva mpando wina ukukhuza pansi. Ndinasuzumira pagalasi la zenera, n'kuona kuti iyenso watembenuza wake, wayang'ana kukhoma, manja pamaondo. Woperekera zakudya anafika ndi tiyi, n'kuima ndi thireyi yake akuyang'ana anthu awiri opatsana misana ndi wachitatu akulira pakati. Anathira tiyi wake kuchokera m'mwamba monga mwa nthawi zonse, n'kuchoka mwakachetechete.

Mbale inali idakali patebulo, nsomba itadyedwa theka, koma sindikanathanso kudikira kuti ichotsedwe. Lamulo langa lomwe ndinaliphwanya.

"Ubwera liti kumudzi?"

"Nizabwera kuzacheza, amai. Nchito ananipatsa kuno. Ninavomera mwezi watha."

"Kwathu mwamuna ndiye amatsatira mkazi. Waiwala?"

"Sininaiwale."

"Uwafunse ngati anagwirapo khasu."

Anawafunsa. Yankho linabwera kuchokera kukhoma, n'kudutsa mwa mwana wanga. Anati khasu sanaligwirepo, ndipo sangandinamize kuti adzakhala ku Sinda, chifukwa mayi ake ndi okalamba ndipo ali yekha wowasamalira. Koma sadzachita chilichonse asanafike kumudzi kudzakhala pansi ndi amalume a mtsikanayu. Ndikanakonda akanandinamiza, ndikanapeza pomudera. Ndinali nditalowetsa dzanja m'chikwama, ndikufinya kiyi uja m'kansalu kake mpaka anandidinda m'chikhatho. Ndinkaona kuti ndikatulutsa kiyiyo, mwanayu asweka mtima, mwina avomera kubwerera chifukwa cha chisoni, n'kudzakhala m'chipinda chija akuyang'ana mtengo wa mango maganizo ali kudoko. Ndinkafunabe kumutulutsa, ndisaname, ndinkafuna kwambiri. Kunja mphepo inkagwedeza maboti, ine ndikusinthasintha miyendo pansi pa mpando.

"Amai, muli na chani m'chola? Kuyambira tsiku loyamba mungochigwira."

"Mankhwala a mutu," ndinatero. Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu. "Uwauze amalize nsomba yawo, isatayike. Ine sindiyang'ana."

Tinakhala choncho mpaka tiyi anazizira. Ndinamva buledi akunyemedwa kumbuyo kwanga, pang'onopang'ono, mwa munthu amene akuyesetsa kuti asamveke kutafuna. Potuluka mwamuna uja anatsala m'mbuyo masitepe angapo, ndipo titafika pamsewu anawolokera tsidya lina, n'kumayenda kumeneko mpaka kuhotela.

Ulendo wobwerera sindinagone, m'ndege kapena m'basi ya ku Lusaka. Ndinatsika pa Sinda dzuwa litapendeka, ndipo mkamwini wanga wa ku Vubwi anali ataima pamalo pomwe anandisiya. Analandira chikwama maso ali pansi, koma sananyamuke. Anaima akuyang'ana chitseko cha basi, kudikira munthu wachiwiri. Anthu anatsika, ena anakwera, kondakitala anatseka chitseko, basi n'kupita ku Katete. Sakanatha kundifunsa, inenso sindikanatha kumuuza. Tinayenda njira yonse, iye kutsogolo ndi chikwama pamutu, ine kumbuyo.

Pakhomo mwana wanga woyamba anathamanga kudzandichingamira, maso ake akufunafuna kumbuyo kwanga. Ndinamasula kansalu kaja, n'kumuika kiyi m'manja.

"Mtedza wa chaka chino muziika m'chipinda chatsopanocho," ndinamuuza. "Koma bedi musachotse."