Nkhuku ya Sungani

Fanuel Namakhwa ndi mwana wachiwiri wa malemu a Danieli Namakhwa, amene adakalamba akusenza matabwa pamutu kutsika nawo ku Chambe, ndi mayi Malita, omwe akadali moyo ndipo amalimabe okha nandolo wawo kuseri kwa Chonde. Adakwatira Rosie wa ku Thuchila, ndipo ana awo amoyo ndi atatu: Rute amene ali pabanja ku Luchenza, Sungani, ndi chitsiriza Mwayi. Ena awiri, obadwa pakati pa Rute ndi Sungani, adatsikira kulichete asadamere ndi dzino lomwe. Awiriwa musawaiwale, pakuti nkhaniyi idayambira pa iwo.

Fanuel amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Chonde. Ndi munthu wa manja abwino. Samwa, satukwana, ndipo chubu akamata iye chimatha chaka. Wina akakuuzani zosiyana ndi zimenezi, ameneyo ndi wanjiru, pakuti kwa Namakhwa sikubadwa anthu achabechabe. Matenda ake ndi amodzi okha: mpira. Ndipo si matimu akuluakulu a ku Blantyre ayi. Mtima wake udagwera pa timu ya koleji ya ntchito zamanja ya kufupi ndi kwawo, imene anthu amangoti Masipanala. Kuyambira chaka chimene timuyo idalowa mu ligi ya makoleji, Fanuel sadajombepo. Ankatseka bokosi la zitsulo Loweruka masana, kasitomala ali chiimire ndi tayala m'manja, n'kupalasa ulendo wa kubwalo.

Tsono za ana awiri aja. Rosie atachira kachinayi pambuyo pa maliro awiri otsatizana, nyumba yonse idagwidwa mantha. Mayi Malita adanyamula kakhandako, kopyapyala ngati chala, n'kukatcha Mtayeni. Akale ankatero. Mwana ukamutcha dzina lonyoza, imfa imadutsa poyesa kuti ndi chinyalala chimene eni ake sakuchifuna. Ndipo imfa idapusitsikadi. Mtayeni adakula, miyendo italiitali, zikhatho zotambalala ngati za agogo ake osenza matabwa aja.

Atakwana zaka khumi ndi ziwiri adapita ku simba kukavinidwa pamodzi ndi anzake. Potuluka, malume ake a Pilato adamupatsa dzina latsopano: Sungani. Lakale lija lidatsala kutchire komweko. Lamulo lake ngakhale mwana wa mkaka amalidziwa: munthu wovinidwa saitanidwa dzina la paubwana. Kutero n'kumuvula pagulu, kumubwezera kuchikuta. Wolakwa amalipa nkhuku, kaya ndi mlendo, kaya ndi bambo womubala. Zaka khumi zidatha dzinalo osamveka pakhomopo. Koma Fanuel ndiye ankayenda naye mwanayo pa felemu ya njinga kupita kusikelo, akumuimbira kuti Mtayeni wanga, Mtayeni wanga. Pakamwa adalisiya dzinalo, koma mumtima lidangogona tulo.

Sungani adakhoza Folomu 4, nalowa koleji ija kukaphunzira zamagetsi, ndipo kochi wa timu, a Mustafa, atangoona zikhatho zija adamuika pagolo. Tsiku limenelo Fanuel adamata machubu ulere mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka chachiwiri cha Sungani pagolo chidali chosautsa. Masipanala adasewera masewero khumi ndi anayi: adapambana asanu ndi limodzi, adafanana mphamvu atatu, otsalawo adagonja. Masewero otsiriza ndiwo adapweteka. Akadapambana akadathera pa nambala yachiwiri. Mvula idagwa ya ku Mulanje kuno, ija yosaona ndi phiri lomwe, ndipo kutatsala mphindi zochepa mpira wopanda ndi mphamvu yomwe udapulumuka m'manja mwa Sungani n'kukagwera mu ukonde. Onena adanena. Koma palibe adanenapo kuti magolovesi ake adali obooka zala zitatu, kapena kuti m'chigawo choyamba mwanayo adagwira penate. Anthu ndi otero.

Pa wailesi ya m'deramo pali pulogalamu ya masapota Loweruka lililonse m'mawa, imene amayendetsa mnyamata wa pakamwa pakuthwa dzina lake Dan. Fanuel adali mwini pulogalamuyo, tingotero. Akangomva kuti "tili ndi a Namakhwa a ku Chonde", akabaza ankaimika njinga, ogulitsa chinanazi n'kusendera kufupi ndi mtengo wa mango. Loweruka lotsatira masewero otsiriza aja, anthu adadzaza mpaka mumsewu. Fanuel adapukuta girisi m'manja, natsokomola, foni ili kukhutu.

"A Dan, ine sindipita m'mbali," adayamba. "Chaka chino Masipanala amanga nyumba kuyambira kudenga. Kutsogolo tili bwino. Brave wamwetsa zigoli zisanu ndi zinayi, koma mnyamata ameneyu amathamanga pokhapokha atsikana a kalasi yosoka akabwera kudzaonera. Tsiku limene ali pa mayeso, ifenso tilibe womwetsa."

Anthu adafa nacho chiseko.

"Pakati palibe munthu. Mpira umachoka kumbuyo kupita kutsogolo ngati minibasi yosaima pa siteji. Kumbuyo kuli akuluakulu awiri amene akumaliza sukulu chaka chino, ndipo ine ndati apite bwino, atisiyire jezi zokha. Chaka chamawa a Mustafa akapeza ana awiri othamanga a m'maesiteti a tiyi umu, aja ozolowera zitunda, n'kusiya kusintha osewera ngati akusintha malaya, chikho chibwera ku Chonde pa keriyala ya njinga yanga. Akapanda kutero, tidzathera pa nambala folo pomwepa, pamene patizolowera ngati mpando wa kutchalitchi."

"Mwalasa, a Namakhwa!" adatero Dan. "Koma mwalumpha malo amodzi. Nanga pagolo? Tikudziwa kuti ndi magazi anu. Goloboyi ameneyu titani naye?"

Apa m'pamene zidalakwikira. Fanuel sadaone goloboyi. Adaona mwana wake atagwada m'matope, mvula ikumukhuthukira pamsana, bwalo lonse likumukuwiza. Chifundo chidamugwira, ndipo dzina lija lidadzuka lokha.

"Aaa, Mtayeni..." adatero mousa moyo.

Ankafuna kupitiriza kuti wayesetsa mwana ameneyu. Koma Dan adalumphira pomwepo.

"Mwamva, Mulanje yense? Bambo ake enieni akuti mtayeni! A Namakhwa, tibwereze bwinobwino. Mukuti goloboyi timutaye?"

Pansi pa mango padaphulika m'manja. "Uyu ndiye mwamuna!" adakuwa wakabaza wina. "Sakondera ngakhale wake yemwe!" Wina adamugwira phewa n'kumugwedeza.

Fanuel adali ndi mpata. Dan adadikira, wailesi ili zii. Akadatha kunena kuti ayi, mwandimva molakwa. Koma akadafunsidwa kuti nanga mumatanthauza chiyani, akadayankha bwanji, osaulula dzina la kuchikuta pamaso pa boma lonse? Chimenecho ndi chifukwa chimene amauza anthu. Chilipo china chimene sauza munthu, chimene chimamudya mpaka lero: m'manja muja mudamukomera. Zaka zonse zimene adakhala akumata machubu, palibe adamuwomberapo m'manja chotero.

"Mwamva kale," adatero, n'kudula foni.

Madzi akatayika saoleka. Patangotha sabata ziwiri kudali masewero opimana mphamvu ndi timu ya ku Thuchila, ndipo anyamata a kumeneko adakaunjikana kuseri kwa golo la Sungani. Adapeka nyimbo ya mawu amodzi. Mtayeni! Mtayeni! Iwo ankayesa akungonyoza goloboyi. Sadadziwe kuti akuitana munthu wovinidwa dzina lake la paubwana, kwa mphindi makumi asanu ndi anayi, mbale zachitsulo zikulira. Sungani adamwetsedwa zitatu. A Mustafa adamukhazika pa benchi n'kuika mnyamata wa chaka choyamba, Honest. Fanuel adaonera zonsezi atabisala kuseri kwa mpanda wa bulugamu, ndipo adachoka masewero asadathe, akukankha njinga ngati yaphwa.

Tchuthi chitafika, Sungani sadabwere kunyumba. Adapita kwa mlongo wake ku Luchenza. Rosie adasiya kuyankhula zambiri. Ankangoika chakudya n'kutuluka. Ndipo m'mawa wina mayi Malita adatulukira pansi pa mango paja, khasu lili paphewa.

"Bambo a Rute, wailesi ndili nayo inenso."

"Amayi, lilime lilibe fupa. Linangoterereka."

"Linaterereka kamodzi. Kachiwiri kaja munaliyendetsa nokha." Adatsitsa khasu. "Dzina lija ndinatcha ndine. Ndinalitcha kuti ndinamize imfa, osati kuti mudzasangalatse nalo akabaza. Ana awiri ndinawasambitsa ndi manja awa n'kuwakulunga. Wachitatuyu ndinamubisa m'dzina lonyansa mpaka anakula, ndiye inu mwakamufukula pa wailesi?"

Fanuel adapitiriza kupukusa sipoko yomwe idali yowongoka kale.

"Mwambo mukuudziwa. Msoti wanu wamawangamawanga uja, mugwire lero."

Sukulu itatsegulidwa, Fanuel adamanga msoti uja miyendo, nauika m'dengu pa keriyala, ulendo wa kukoleji. Adamupeza Sungani kuseri kwa wekishopu, atavala ovolosi, akusenda waya. Mnyamatayo adaimirira, nalandira njinga ya bambo ake ndi manja awiri n'kuitsamiritsa kukhoma, pakuti ulemu adayamwira. Koma dengulo sadalikhudze.

"A Sungani, ndabwera ndi mlandu wanga," adatero Fanuel. "Tsiku lija sindinkanena kuti akutayeni. Ndinka..."

"Ndikudziwa, ababa. Ndinali mu hositelo, tonse titazungulira wailesi. Nditangomva mawu anu ndinadziwa kuti mukundiitana. Munkatero pa njinga paja."

"Ndiye mukhululuke. Nayi nkhuku."

"Dzinalo silinandipweteke kwenikweni. Anzanga anaseka, ine ndinati dikirani, akonza. Ndinawauza kuti akhale chete, ababa akonza pompano." Sungani adayang'ana waya uja m'manja mwake. "Ndiye munati mwamva kale."

Msoti udakupiza mapiko m'dengu.

"Nkhuku imeneyi ndi ya mawu oyamba aja," adapitiriza mnyamatayo. "Nanga achiwiriwo? Munalakwira pa wailesi, mukufuna kulipira kuseri kwa wekishopu?"

"Ndikanene chiyani, mwanawe? Ndikaulule dzina lija kuti anthu amvetse?"

"Ayi. Lakalelo lisiyeni komwe lili. Dan akadzakufunsaninso za goloboyi, mudzangotchula dzina langa, limene anandipatsa amalume. Liwu limodzi lomwelo. Anamva lija molakwa, ili adzalimva bwino. Mukatero, nkhukuyi ndidzabwera kudzadya ndekha kunyumba."

Fanuel adabwerera nawo msoti uja. Pa njira yonse ankaliyeserera liwulo, ndipo linkaoneka lopepuka ngati nthenga. Goloboyi titani naye? Sungani. Basi.

Koma ligi yatsopano itayamba, Honest adasewera masewero atatu osalowetsa chigoli ndi chimodzi chomwe. A Mustafa adapezadi ana awiri a ku esiteti, ndipo Masipanala adakwera pamwamba pa ligi, ndendende momwe Fanuel adalosera. Pamsika adayamba kumutcha mneneri. "Mukadapanda kunena kuti amutaye, bwenzi tili pati?" amatero akabaza, akumugulira chinanazi. Iye amalandira, koma sichitsika.

Loweruka loyamba adaimba foni, Dan atangoti halo, adadula. Lachiwiri adalankhula za osewera pakati kwa mphindi zinayi, ndipo atamva kuti funso la pagolo layandikira, adatsanzika mwachangu kuti kwabwera kasitomala. Lachitatu adasiya foni kunyumba dala. Amadziwa chimene adzanene anthu: kuti mneneri wayamba kukondera, kuti akufuna kugwetsa timu chifukwa cha mwana wake. Amadziwanso kuti Sungani amakhala pa benchi Loweruka lililonse, magolovesi atsopano amene adamugulira anganga ake ndi nandolo wawo ali pamiyendo, ndipo m'mawa wa tsikulo amakhala atamvera pulogalamu yonse mpaka kumapeto.

Mwanayo sadasiye mpira. Amafika pa masewero olimbitsa thupi woyamba, amachoka womaliza. A Mustafa eni ake adauza mayi Malita pa chigayo kuti pagolo la Masipanala sipadaimepo zikhatho ngati zimenezo, ndipo tsiku lake lidzabweranso. Chimene akudikira Sungani si malo a pagolo okha.

Msoti uja palibe amaukhudza. Pa Khirisimasi Mwayi adauloza, koma mayi ake adamubweza dzanja. Udaikira kuseri kwa nkhokwe, udafungatira, ndipo tsopano ukuyenda pabwalo ndi anapiye asanu ndi awiri. Mayi Malita akabwera kudzacheza Lachisanu madzulo, sanenanso zambiri. Amangowaza madeya pansi, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Bambo a Rute, nkhuku ya Sungani ikuswana. Mawa ndi Loweruka."

"Ndikudziwa, amayi," amatero Fanuel, n'kutulutsa foni m'thumba, kuiyang'ana, n'kuibwezeranso.