Mphindi 25 Pamwamba pa Shopu ya Matayala

Lachiwiri, pa 11 Febuluwale, dokotala wa kampani ina ya mabasi analetsa dalaivala wina kuyendetsa basi ya maulendo ataliatali.

Dalaivalayo anali wa zaka 46, ndipo anali atagwira chiwongolero kwa zaka 19 osachitapo ngozi. Tsikulo sikelo inaonetsa makilogalamu 118. Kuthamanga kwa magazi kunali 168 pa 104. Dokotala anayeza kawiri, mkono uwu ndi uwo, manambala osasintha.

"Bambo, kumbuyo kwanu kumakhala anthu odzaza basi," anatero dokotala. "Mutachita chizungulire pamtsetse, sindinu nokha mungafe. Ndikupatsani mankhwala, ndipo akusamutsirani ku ulendo waufupi wamasana. Pa 10 Juni mudzakhalenso pampando womwewu. Manambala akadzakhala chomwechi, makiyi mudzasiya."

Bamboyu sankadziwa ntchito ina. Nyumba inali yalendi, ana atatu onse ali pasukulu. Atafika kunyumba madzulo anakhala pamphepete pa bedi nsapato zili kuphazi. Mkazi wake, amene ndi telala, sanafunse zambiri. Iye ndi amene anakulitsa m'chiuno mwa thalauza la yunifolomu kawiri m'chaka chimodzi, choncho nkhaniyo ankaidziwa kale kuposa sikelo.

Kudepoti anzake ankamutchula kuti Thanki. Kondakitala wa basi yake anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu wowonda ngati ndodo ya tsache, wa pakamwa posatseka.

"Alamu, musadandaule," anatero kondakitalayo. "Akakuchotsani tidzakuikani kumbuyo kwa basi m'malo mwa tayala losinthira."

Thanki anaseka nawo, koma kuseka kwa pamano chabe.

Ulendo watsopano unali wopita ndi kubwera kawiri patsiku. Masana basi inkaima padepoti kwa mphindi 40. Kutsidya kwa msewu, pamwamba pa shopu ya matayala, kunali jimu yaing'ono: chipinda chimodzi chachitali, makina othamangirapo awiri, njinga zitatu zopalasa pamalo amodzi, mabenchi ndi zitsulo zonyamula. Mukachotsa nthawi yowoloka msewu, yovula, yosamba ndi yobwerera, zinkatsala mphindi 25. Nthawi ina analibe. M'mawa ankanyamuka kusanache, madzulo ankafika miyendo ili yotupa.

Madalaivala anzake anamupatsa nzeru yawo. Anati mafuta a m'thupi amatuluka ndi thukuta, ndiye wofuna kuchepa msanga azivala zotentha. Thanki anatenga chijasi cha pulasitiki chamvula chimene kampani imapereka, n'kuchivala m'kati mwa juzi.

Kwa milungu iwiri ankachita izi. Akafika ankapeza makina othamangirapo onse ali ndi anthu, poti masana ndi nthawi ya ogwira ntchito m'maofesi. Ankaima pambali kudikira, foni ili m'manja. Mpata ukapezeka ankathamanga pang'ono, thukuta lili kamukamu, kenako n'kugona chagada kumadzutsa mutu kuti mimba iphwe. Akakwera sikelo ankapeza kilogalamu yathunthu yachoka, ndipo ankatsika masitepe akuimba mluzu. M'mawa mwake kilogalamu ija inkakhala itabwerera.

Lachinayi, pa 27 Febuluwale, anatsika pamakina maso ali mdima, n'kukhala pansi mwadzidzidzi pakati pa chipinda.

Mwini jimuyo anali mayi wina wamfupi, waimvi zingapo, amene aliyense ankamutchula kuti Kochi. Anabwera ndi botolo la madzi, n'kumasula zipi ya juzi. Anaona pulasitiki ija ikunyezimira.

"Adalaivala, muno mukugwa mvula?"

"Ndikusungunula mafuta, mayi."

"Imwani madziwa kaye. Pang'onopang'ono." Anadikira mpaka maso a bamboyu atayera. "Tandiuzeni. Basi ikataya madzi a mu lediyeta, mumati yapsereza dizilo?"

"Ayi."

"Mumati chiyani?"

"Timati injini ili pangozi."

"Ndi zimene mwachita kwa milungu iwiri. Kilogalamu imene mumaiwombera m'manja ija ndi madzi, mukamwa amabwerera. Ndipo munthu womwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi sasewera ndi madzi a m'thupi mwake. Chijasicho chibwerere m'basi."

Thanki anafotokoza zonse: dokotala, tsiku la 10 Juni, ndi mphindi zake 25. Anamaliza ndi mawu amene ambiri a ife timawanena. "Mwina nthawi yangayi ndi yochepa kwambiri. Anzanga a m'maofesiwa amatha ola lonse."

"Ola lawo ndimaliona ine," anatero Kochi. "Theka limathera pa foni ndi pagalasi. Inu mphindi 25 muli nazo, koma mumagwiritsa ntchito zisanu ndi ziwiri zokha. Funso lina: basi imamwa mafuta ambiri pati? Itaima pasiteji injini ikungolira, kapena ikukwera chitunda itadzaza?"

"Pachitunda."

"Ndiye muno tizikwera chitunda. Koma choyamba mukafunse dokotala wanu ngati akulola kuti muzinyamula zitsulo. Akakana, tipeza njira ina."

Dokotala analola, n'kuchenjeza kuti zitsulo zisakhale zolemera kwambiri ndipo asamabanike ponyamula. Lolemba lotsatira anayamba mwatsopano.

Dongosolo lake linali lophweka. Kabudula ndi malaya amasewera ankavaliratu m'kati mwa yunifolomu. Foni inkatsala ndi kondakitala. Akafika ankayamba ndi njinga kwa mphindi zisanu, mosathamanga, kuti thupi lifunde. Kenako ankachita zinthu zinayi zogwiritsa ntchito minofu ikuluikulu: kukhala pabenchi ndi kudzuka mobwerezabwereza, kukankha khoma ndi manja, kukoka chingwe chomangiridwa ku chitsulo, ndi kuyenda kuchoka pakhomo kukafika pawindo atanyamula zitsulo ziwiri ngati zidebe zamadzi. Akamaliza zinayizo ankapuma pang'ono, n'kuzungulira kachiwiri, kenako kachitatu. Pomaliza ankabwerera panjinga, kupalasa mwamphamvu kanthawi, kufewetsa, kupalasanso mwamphamvu, mpaka mphindi zomaliza zoziziritsa thupi.

Lamulo lalikulu linali limodzi: osaima pamzere. Chida chikakhala ndi munthu, pita pa china.

"Nanga mimbayi?" anafunsa tsiku lina, ali wefuwefu. "Simundipatsa zochepetsa mimba?"

"Dizilo simusankha kuti ayambe kutha wa kumanzere kwa thanki," anayankha Kochi. "Amatsika yense pamodzi. Nyamulani zitsulozo. Pumani, musabanike."

Mlungu woyamba ntchafu zinawawa moti pokwera m'basi ankagwira chitseko ndi manja awiri. Kondakitala ankalengeza kwa okwera kuti, "Pepani makolo, dalaivala wathu lero ali ndi pakati, muzimupatsa ulemu." Masana akakwana Thanki ankawoloka msewu.

Pofika pa 31 Malichi sikelo inati makilogalamu 116. Mwezi wathunthu, awiri okha. Nkhope yake inagwa.

Kochi anayang'ana sikelo, n'kuyang'ana bamboyu. "Muno mukugwira ntchito, ndakuonani. Ndiye vuto lili kunja. Mumadya kuti?"

Apa m'pamene panatuluka nkhani imene dalaivala aliyense amaidziwa. Kumapeto kwa ulendo kunali lesitilanti ya m'mbali mwa msewu. Dalaivala akaimika basi pakhomo pake, okwera amagula chakudya, ndipo iye amadya ulere. Ndi mmene eni malowo amathokozera. Thanki ankafikako kawiri patsiku, ndipo kawiri konseko ankapeza mbale yomudikira: nyama yokazinga, tchipisi chosefukira, ndi botolo lalikulu la chakumwa chotsekemera. Kukana mbale imeneyo kumatanthauza kuti wapeza kwina koimika basi.

"Mphindi 25 sizingalimbane ndi mbale ziwiri zimenezo," anatero Kochi. "Sindikunena kuti mudzimane chakudya. Munthu wanjala sayendetsa basi. Ndikunena kuti mukakambirane ndi mwini mbaleyo."

Zimenezi zinamuvuta kuposa zitsulo. Mwini lesitilanti anali mayi wamkulu amene anamudyetsa kuyambira ali dalaivala watsopano, poti ngakhale maulendo ataliatali ankadutsa pomwepo. Tsiku limene Thanki anakankhira mbale pambali, mayiyo anaima manja ali m'chiuno.

"Mwanawe, ndakulakwira chiyani? Kapena uja wa lesitilanti ya kutsidya wakulonjeza nkhuku yathunthu?"

"Ayi amayi, basi iziima pompano. Koma dokotala wati ndikapanda kuchepa, mu Juni ndisiya makiyi. Akandichotsa, wobwera m'malo mwanga sindikudziwa kuti aziima pati."

Mayiyo ananyamula mbale ija n'kulowa nayo kukhitchini. Inabwerera ili ndi theka la masamba, nyama yowiritsa pang'ono, tchipisi chodzaza dzanja limodzi, ndi kapu yamadzi.

"Ukanandiuza kale," anatero. "Ine ndimayesa ndikukusamala."

"Nanga zotsalazo zipita kuti, amayi?" anafunsa kondakitala. "Kutaya chakudya ndi tchimo. Ine ndadzipereka."

Kuchokera pamenepo manambala anayamba kuyenda. Sanayende mothamanga, koma ankatsika.

Si masiku onse amene anali abwino. Tsiku lina mu Epulo basi inachedwa pamsewu, ndipo anafika padepoti zitatsala mphindi zochepa. Anaganiza zongokhala. Komabe anawoloka msewu, n'kupalasa njinga mphindi khumi zokha.

"Zalero sizikuwerengedwa," anatero potuluka.

"Zikuwerengedwa," anayankha Kochi. "Amene amasiya jimu sasiya tsiku limene watopa. Amasiya tsiku limene wanena kuti zochepa n'zopanda ntchito."

Mu Meyi sikelo inaima pa makilogalamu 110 kwa milungu iwiri. Thanki anayamba kukayika, ndipo maganizo a chijasi chija anabweranso. Madzulo ena anauza mkazi wake kuti mwina thupi lake lafika pamapeto. Mkaziyo anali pamakina osokera. Sanatsutse. Anangotenga thalauza la yunifolomu n'kulitembenuza, kumuonetsa msoko watsopano wochepetsa m'chiuno.

"Uwu ndinasoka Lamlungu lapitali, inu muli mtulo. Ndi wachiwiri. Sikelo yanuyo muzikangana nayo nokha, ine tepi yanga sinama."

Chijasi chinakhalabe m'basi.

Lachiwiri, pa 10 Juni, anakhalanso pampando uja. Dokotala anamuuza kuti akhale phee kwa kanthawi, kenako anamanga lamba pamkono. Anayeza kawiri, mkono uwu ndi uwo.

Kuthamanga kwa magazi kunali 136 pa 86. Sikelo inati makilogalamu 107.

"Mankhwala athandiza, ndipo musasiye kumwa," anatero dokotala. "Koma makilogalamu 11 awa sanachoke ndi mapiritsi. Makiyi musunge, bambo."

Thanki anatuluka, n'kukhala pabenchi ya panja pa chipindacho. Anapumira m'mwamba, mpweya umene unali ngati wakhala m'chifuwa kuyambira Febuluwale. Anaimbira mkazi wake. Anangoti, "Mayi, zatheka." Kumbali inayo makina osokera anasiya kulira.

Kudepoti anapeza kondakitala akulimbana ndi batani la malaya limene linkakana kutseka pamimba.

"Alamu," anatero Thanki, "kutsidya kuja mpata ulipo. Mphindi 25 zokha."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwakhala mukunena kuti mulibe nthawi. Bamboyu analibe ola, analibe zovala zodula, ndipo poyamba anasochera chifukwa cha malangizo a anzake. Chimene anachita n'kuleka kutaya kanthawi kochepa kamene anali nako, kumvera wodziwa, kufunsa dokotala, ndi kulimba mtima kukambirana za mbale yake. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati muli ndi mphindi 25, musazinyoze. Ngati lero zapezeka khumi zokha, pitanibe. Sikelo ikaima, inu musaime, ndipo mtima wanu usagwe.

Ulendo wake sunathe. Makilogalamu 107 akadali ambiri pa msinkhu wake, ndipo Kochi wamuwonjezera kale kulemera kwa zitsulo. Za kubwerera ku maulendo ataliatali, dokotala wati adzagamula akaona kuchuluka kwa shuga m'magazi amene anamutenga pa 10 Juni paja. Zotsatira zake sizinatuluke.