Mizere m'Dziko la Mahatchi

Amuna anga anagula chipululu. Ndimanena choncho mpaka lero, ndipo ndikamanena mtima umandiwirabe ngati zachitika dzulo.

Zinali m'zaka za m'ma 1970, tikukhala kutsidya kwa nyanja, ku North York, m'fulati ya m'mwamba kwambiri. Ine ndinali namwino pachipatala china m'tauni, iwo ankayeza magazi kulabu. M'mawa basi kenako sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka ija, madzulo sabuwe kenako basi. Ine moyo umenewo ndinali nditauzolowera, koma iwo ayi. Munthu anakulira m'munda. Chaka chilichonse ankadzala chimanga m'zitini pakhonde la fulati, chimangacho n'kufika m'chiuno, n'kufa ndi chisanu chisanamasule ngayaye. Ankachiyang'ana ngati akuona nkhope pamaliro. Kumudzi sikunali kobwererako wamba masiku amenewo, ndiye ndinkawamvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho n'chimene chinandigonetsa tulo.

Chaka chimene ndinaima, kumapeto kwa nyengo yotentha, anakwera sitima kupita kumadzulo, kuseri kwa mapiri, ati kukaona dziko. Ine ndinatsala chifukwa cha mseru. Anabwerako mano ali mbee, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Mayi, ndakapeza kwathu," anatero asanaike n'komwe chikwama pansi. "Dzuwa, fumbi, udzu wouma, kuli ngati ku Balaka mu Okutobala! Katauni kakang'ono, anthu ake amayenda pamahatchi. Malo otchipa ngati tomato wa madzulo pamsika. Ndasayina kale."

"Mwasayina chiyani?"

"Land, mayi. Munda. We're moving."

Ndinakhala pansi. Pakati panga poyamba panali patapita padera, ndipo iwo ankadziwa mmene ndinalirira. Tsopano ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: mwana uyu abadwe wamoyo, bambo ake ali pafupi, tikhale banja limodzi. Nditafunsa za chipatala cha kumeneko, anati chilipo m'tauni ina, ulendo wautali ndithu pagalimoto, koma msewu wake ndi wabwino. Namwino ine, kundiuza za ubwino wa msewu!

Kwathu ku Mulanje mwamuna ndi amene amadza kwa mkazi, ndipo akafuna kumutenga amayamba wagwada kwa amalume. Ndinawakumbutsa zimenezo. Iwo anati palibe vuto, n'kuitana bambo wina wachikulire wa ku Mississauga amene anaimira amalume anga paukwati wathu. Amalawi tinalipo ochepa kwambiri, ndiye nkhoswe tinkangobwerekana. Lamlungu titaweruka kutchalitchi anabwera ndi akazi awo ndi abambo ena awiri, n'kudzaza kabalaza kathu.

Amuna anga anatulutsa zithunzi. Mapiri ofiirira, tizitsamba totuwa, mpanda wa waya, hatchi yonenepa itasuzumira pampandapo. Zithunzizo zinayenda dzanja ndi dzanja, ndipo ndinaona abambo akuluakulu, anthu a madigiri, akusungunuka ngati majarini padzuwa. Ankhoswe anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Wina anati akumva fungo la lupsa. Wina anayamba kuloza poyenera kumanga nkhokwe.

"Wogulitsa wandiuza yekha kuti sinowo kumeneko sagwa kwenikweni," anatero amuna anga. "Ndiye ngati sinowo sagwa, chimagwa n'chiyani? Mvula! Dziko likatentha chonchi, likauma chonchi, ndiye kuti mvula ili pakhomo. Ndipo taonani hatchiyo. Chiweto sichinenepa ndi mphepo."

Onse anagwedeza mitu. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zoti pansi pano pali malo amene amauma osadikira kanthu. Ife tinabadwira kumene chilimwe chimatha, ndiye tikaona fumbi timaona dzinja likubwera m'mbuyo mwake.

Ine ndinafunsa kuti chithunzi cha nthawi ya dzinja chili kuti. Ndinafunsa ngati anaonako chiputu cha chimanga ngakhale chimodzi, kapena munthu atanyamula khasu.

"Mayi, don't be difficult," anatero ankhoswe, amene anabwera kudzaimira ine. "Mwamuna akapeza malo ndi dalitso. Enafe tikufera m'mafulati muno ngati nkhuku za m'khola. Banja ndi kumverana."

Akazi awo ananditsina pantchafu kuti ndikhale chete. Sindinakhale chete.

"Chabwino," ndinatero. "Atsogole, akalime mizere. Mvula yodzalira ikagwa andiimbire, ine ndinyamuka tsiku lomwelo."

Anandiombera m'manja, ati ndalankhula ngati mkazi wolangidwa bwino. Amuna anga anaseka n'kunena kuti ndiyambiretu kupakira, chifukwa Novembala sali patali. Anasiya ntchito yawo ya kulabu. Ananyamuka ndi mbewu ya chimanga yomanga m'nsalu ndi khasu limene anachita kusemera okha mpini.

Ankaimba foni Lamlungu lililonse. Poyamba mawu anali amphamvu: mizere yatha mbali imodzi, azungu oyandikana nawo abwera pamahatchi kudzaonerera, afunsa ngati akukwirira mapaipi. Iwo ankaseka posimba zimenezi. Novembala anafika ndi mphepo. Disembala anafika ndi kuzizira kouma kong'amba milomo, mizere n'kuuma gwa ngati njerwa. Nyengo itafunda anaganiza zopatutsa madzi kumtsinje umene unali kumunsi kwa munda, n'kuuzidwa kuti madziwo ali ndi eni ake, anagawana kalekale, ndipo malo awo alibe gawo. N'chifukwa chake anali otchipa. Mahatchi onenepa aja ankadya udzu wobwera palole kuchokera kutali. Kuti apeze chakudya, amuna anga analowa ganyu yowola ndowe m'makola a mahatchi omwewo.

Ndinkawauza kuti bwererani, ntchito ipezeka ina. Ankayankha kuti chaka chino nyengo yangosokonekera, ngakhale kwathu mvula imachedwa zaka zina. Bodza limenelo linkandipsetsa mtima kuposa chipululu chenichenicho, chifukwa ankadziwa. Eni dziko anali atawauza.

Matenda anandiyamba sinowo akusungunuka, misewu ili matope okhaokha. Anandiperekeza pa takisi ndi amayi aja onditsina pantchafu, ndipo ndisawanamizire, anandisamala ngati mwana wawo. Ndinachira mwana wamkazi m'chipatala chomwe ndinkagwira ntchito. Anamwino anzanga ankangoyang'ana kukhomo, kenako mmodzi anafunsa kuti bambo afika nthawi yanji. Ndinatembenukira kukhoma. Bambo anali akudikira mvula kuti adzale kaye, adzabwere ndi nkhani yabwino.

Kutchalitchi abambo aja sanatchulenso za nkhokwe. Ankangondifunsa mwaulemu kuti nditsatira liti. Tsiku lina ndinayankha ankhoswe pamaso pa anthu kuti poti malowo anawakonda mpaka misozi, atsogole ndi iwo, ine ndiwasungira fulati yawo. Anandinena kuti ndine wamwano. Ndinavomera.

Pakati pa nyengo yotentha foni inalira masana, tsiku losakhala Lamlungu. Ndinali ndikuyamwitsa.

"Mayi, yagwa!" Anali amuna anga. "Mabingu, mphezi, chilichonse! Tamverani fungo, mayi, ndikanatha kukutumizirani! Muziyamba kupakira."

Ndinamva chimwemwe chawo ndipo chinandiwawa mpaka m'mafupa. Koma ndine mwana wa mlimi ine.

"Mwakumba?" ndinafunsa.

"Kukumba?"

"Musandipusitse, abambo. Tengani khasu mukakumbe pamzere, muone pamene chinyontho chalekezera. Ndikudikira."

Anaika foni pansi osadula. Ndinamva chitseko, kenako mphepo yokha. Mwana anagona ali kubere. Kenako anabwerera pafoni.

"Pamwamba pokha," anatero. "Pansi ndi fumbi."

"Ndiye bwerani kunyumba."

"Ndikaoneka bwanji pamaso pa akuluakulu aja? Onse anandivomereza."

"Mwana wanu simunamuone nkhope, inu mukuganiza za nkhope za akuluakulu?"

Anapempha kuti ndiike mwana pafoni amve kupuma kwake. Ndinakana. Ndinati wofuna kumva mwana akwere sitima.

Manyazi anawasunga kumeneko chaka china chathunthu. Tsiku limene anagogoda, ndinatsegula n'kupeza munthu wowonda, milomo yosweka, manja okakala, jekete likununkha mahatchi. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwalalatire, ndipo ena ndinawanena pakhomo pomwepo. Iwo sankandimva. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, kumene mwana anaima atagwira mwendo wa tebulo. Anagwada pansi, n'kutambasula manja, n'kumuitana dzina limene anamutcha okha pafoni.

Mwanayo anawayang'anitsitsa, kenako anathamanga n'kudzabisala kuseri kwa chitenje changa, akulira kuti bambo wachilendoyu achoke.