Onse Ndawapatsa Nkhope Imodzi

Ndili pakompyuta, ndikuwonjezera Aberiba, anthu a kumpoto kwa Afirika, m'gemu yanga yankhondo. Ndangokopera msilikali mmodzi kambirimbiri n'kuwaveka onse nsalu zabuluu. Za mbiri yawo ndati ndiona mawa.

Mpando ukumira mumchenga. Tsopano ndili m'kati mwa mapu, mausi ili m'manja, chingwe chake chikukwekwereka pansi.

Kuphiri kukutsika mayi wa mphini pachibwano, wasenza chibuma cha mchere. Akundigwira malaya.

"Bambo, ndinu amene mwatipanga? Ndionetseni mwamuna wanga."

Amuna okwera ngamila andanda. Ndikuvundukula nsalu kumaso kwa uyu, kenako kwa uyo. Nkhope ndi imodzi, chipsera chili pamalo amodzimodzi. Kumbuyo kwawo fumbi la adani likuyandikira, ndipo m'mphepete mwa mapu mukupsa ngati pepala.

"Mayi, dikirani pang'ono, ndikonza."

"Chitsime chathu mwasiya, manda a makolo athu mwasiya. Ndiye tikufera chiyani?"

Ndikudina mausi, mukungotuluka mchenga. Amuna onse aja akutembenukira mayiyo, akuyankha ndi mawu amodzi: "Ndine, mkazi wanga."

Ndadzuka kutulo. Laputopu ili patebulo, ndikuopa kuitsegula.